THOVU SI UKHONDO: TIDZIWE ZIMENE ZILI M'SOPO NDI M'SHAMPU

Mau oyamba

M'chilimwe chapitachi mdzukulu wanga wa zaka zitatu adayamba kukanda m'mutu usiku wonse. Khungu la m'mutu lidauma nkuyamba kufunduka, ndipo kuseri kwa makutu kudang'ambika. Tonse pakhomo tidati ndi zipere. Titapita naye ku chipatala, adokotala adamuyang'ana nafunsa mai ake funso limodzi: "Kodi mwanayu mumamusambitsa ndi chiyani?" Mai ake adayankha kuti amamutsuka m'mutu ndi sopo wa ufa wochapira zovala, chifukwa sopo wamtanda sachita thovu m'madzi a pa mjigo wathu. Adokotala adati tileke zimenezo tsiku lomwelo. Patapita milungu iwiri mwana adasiya kukanda.

Ine ndidachita manyazi. Ndidaphunzira zauphunzitsi, ndimatha kuwerenga Chingerezi, koma ndidali ndisanawerengepo zolembedwa kumbuyo kwa paketi ya sopo kapena botolo la shampu. Kuyambira pamenepo ndidayamba kuwerenga ndi kufunsa. Dzina lina lalitali ndidalipeza pa mabotolo ambiri, makamaka a zosambitsira ana. Dzinalo ndi Cocamidopropyl Betaine. M'nkhani ino tiona kuti mankhwala amenewa nchiyani, amathandiza bwanji, amalephera pati, ndiponso ufulu umene tili nao ngati ogula.

1. Kodi sopo amachotsa bwanji litsiro?

Tonse tikudziwa kuti madzi ndi mafuta sagwirizana. Mukathira mafuta ophikira m'kapu ya madzi, mafutawo amayandama pamwamba. Litsiro la pathupi limamatirira chifukwa limasakanikirana ndi mafuta amene khungu lathu limatulutsa. Nchifukwa chake madzi okha amangodutsa pamwamba osalichotsa lonse.

Sopo amagwira ntchito ngati nkhoswe pakati pa madzi ndi mafuta. Tizidutswa ta sopo, timene ndi tating'ono kwambiri kosaoneka ndi maso, tili ndi mutu ndi mchira. Mutu umakonda madzi, mchira umakonda mafuta. Tikamasamba, michira ija imalowa m'litsiro la mafuta, mitu nkutsalira kunja m'madzi. Litsiro limazingidwa mbali zonse, ndipo tikatsukuluza limapita ndi madzi. Sopo wamtanda, sopo wa ufa, sopo wotsukira mbale ndi shampu, onsewa amagwira ntchito mwa njira imeneyi. Kusiyana kwao kuli pa ukali.

Tizindikire pano kuti chimene chimachotsa litsiro si thovu ayi. Thovu ndi mpweya chabe umene wakodwa m'madzi a sopo. Amai akale ankatsuka tsitsi ndi masamba a chewe, therere lija limamera lokha m'minda, ndipo tsitsi linkayera ndi kufewa popanda thovu lodzaza beseni.

2. Chifukwa chiyani sopo wina amaononga khungu?

Pali zifukwa zitatu.

Choyamba, khungu lathu lili ndi mafuta akeake amene amatseka timipata kuti madzi a m'thupi asamauluke ndiponso kuti tizilombo tisalowe. Sopo waukali sasankha. Amachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta otetezawo, ndipo khungu limatuwa, kuuma ndi kung'ambika.

Chachiwiri ndi nkhani ya kuwawasa. Zinthu zina nzowawasa, monga mandimu, bwemba ndi malambe. Zina zili mbali inayo, monga chidulo ndi soda wophikira therere. Akatswiri a sayansi ali ndi muyeso wotchedwa pH, umene adauyambitsa katswiri wa ku Denmark dzina lake Sørensen m'chaka cha 1909. Muyesowu umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi oyera ali pakati, pa 7. Zowawasa zili pansi pa 7, ndipo za mtundu wa chidulo zili pamwamba pa 7. Khungu la munthu wathanzi lili pafupi ndi 5, kutanthauza kuti ndi lowawasa pang'ono, ndipo kuwawasa kumeneku kumathandiza kuletsa tizilombo tina kuswana. Sopo wamtanda ali pa 9 kapena 10. Sopo wa ufa nthawi zambiri amaposa pamenepo, ndipo amaikamonso mankhwala ena osungunula madontho a pa nsalu. Khungu la munthu wamkulu limabwerera m'malo mwake pakapita maola angapo. Khungu la khanda ndi lopyapyala, ndipo silipirira msanga chotero.

Chachitatu ndi madzi. Kuno ku Salima ambiri tikudziwa mijigo imene madzi ake amasiya zoyera m'ketulo ndi m'ndowa. Zoyerazo ndi mchere wa m'miyala, makamaka calcium ndi magnesium. Sopo wamtanda akakumana ndi mchere umenewu amagwirana nao nkusanduka zonanda zotuwa zimene zimatsalira m'mbali mwa beseni, m'tsitsi ndi pakhungu. Ndiye chifukwa chake sopo yemweyo amachita thovu lambiri m'madzi a mvula koma pa mijigo ina amakana. Munthu akaona thovu likukana amapaka sopo wambiri, kapena amathamangira ku sopo wa ufa monga zidachitikira pakhomo panga.

3. Nanga Cocamidopropyl Betaine nchiyani?

Sopo weniweni amapangidwa pophika mafuta a nyama kapena a zomera pamodzi ndi kositiki soda. Umu ndi m'mene anthu akhala akupangira kwa zaka mazana ambiri. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, mafuta adasowa ku Germany, ndipo akatswiri a kumeneko adayamba kupanga zotsukira za mtundu wina zimene si sopo weniweni. Zotsukira zatsopanozi zidali ndi ubwino wakuti sizinanda m'madzi a mchere wa m'miyala. Koma zambiri zidali zaukali pakhungu ndi m'maso. Choncho akatswiri adapitiriza kufunafuna zofatsa, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ku America kudatuluka shampu wa ana wosawawa kwambiri m'maso. Cocamidopropyl Betaine ndi mmodzi wa banja la zotsukira zofatsazi, ndipo lero ali m'gulu la zogwiritsidwa ntchito kwambiri pa dziko lonse.

Dzinali tisaliope. Tiyeni tilidule pawiri. Mau akuti "coca" akuimira kokonati, chifukwa mchira wa tizidutswa take umachokera ku mafuta a kokonati. Mafakitale ena amagwiritsa ntchito mafuta a m'nthanga za kanjedza wa mafuta, mtengo umene anzathu a ku Karonga amayengera mawese. Kokonati wambiri wa pa dziko lapansi amalimidwa ku Indonesia, Philippines ndi India, ndipo pafupi nafe amalimidwa m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mau akuti "betaine" adachokera ku dzina la mbewu ya mizu yotchedwa beet, imene maiko ozizira amapangira shuga. M'mbewu imeneyi ndi m'mene mudapezeka koyamba, m'zaka za m'ma 1860, mankhwala okhala ndi mutu wa mtundu umenewu.

Pano tichenjere. Otsatsa malonda amakonda kulemba kuti "zochokera ku kokonati" kapena "zachilengedwe", ndi kujambula mtengo wa kokonati pa botolo. Zoona zake nzakuti mafuta a kokonati amangokhala poyambira. Ku fakitale amawasakaniza ndi mankhwala ena kawiri, ndipo chimene chimatuluka ndi madzi achikasu pang'ono amene simungawapeze mu mtengo uliwonse. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi oipa. Zikungotanthauza kuti tisalipire ndalama zambiri chifukwa cha chithunzi cha mtengo.

Mankhwalawa amapezeka mu shampu, m'sopo wamadzi wosambira m'manja ndi m'thupi, m'zotsukira kumaso, m'zosambitsira makanda, m'sopo wina wotsukira mbale, ngakhalenso m'mankhwala ena otsukira mano.

4. Kodi kufatsa kwake kumachokera kuti?

Taganizani batire ya tochi. Ili ndi mbali ziwiri, ya + ndi ya –. Mitu ya tizidutswa ta sopo wamtanda ndi ta zotsukira zaukali, monga Sodium Lauryl Sulfate, ili ndi mphamvu ya mbali imodzi yokha, ya –. Mphamvu imeneyi imachititsa kuti tizidutswato tigwire zolimba pakhungu ndi kulitupitsa. Mutu wa Cocamidopropyl Betaine uli ndi mbali zonse ziwiri, ndipo zimaziziritsana. Motero sagwira khungu mwankhanza.

Koma ntchito yake yaikulu amaigwira akakhala pamodzi ndi anzake aukali aja. Mu shampu wambiri, chotsukira chachikulu chimakhala Sodium Laureth Sulfate, ndipo Cocamidopropyl Betaine amaikidwa pang'ono ngati wothandizira. Akasakanikirana, tizidutswa ta mitundu iwiriyi timaunjikana m'timagulu tokulirapo, ndipo taukali toyenda patokha timachepa. Zili ngati mnyamata wamphamvu koma wopsa mtima amene mwamutuma pamodzi ndi munthu wachikulire. Ntchito imagwirika, koma zoonongeka zimachepa.

Ali ndi maubwino enanso atatu. Sananda m'madzi a pa mjigo. Amagwira ntchito bwino ngakhale shampu atakonzedwa kuti akhale wowawasa pang'ono ngati khungu lathu. Ndiponso amalimbitsa shampu kuti asakhale wamadzimadzi, ndi kuchititsa thovu kukhalitsa. Ubwino wotsirizawu ndi wokomera wogulitsa kuposa wogula, chifukwa wogulitsa amadziwa kuti ife timakhulupirira thovu.

Alipo abale ake ena ofatsa amene mungawaone pa mabotolo: Coco-Glucoside, Decyl Glucoside, Sodium Cocoyl Isethionate ndi Disodium Cocoamphodiacetate.

5. Kodi alibe vuto lililonse?

Palibe mankhwala oyanja munthu aliyense. Anthu ena, ngakhale ndi ochepa, amatuluka ziwengo akagwiritsa ntchito zinthu zokhala ndi Cocamidopropyl Betaine. Khungu limayabwa ndi kufiira kapena kuderako, makamaka m'zikope, kumaso, m'khosi, m'mutu ndi m'manja. Kawirikawiri ziwengozi sizituluka nthawi yomweyo. Zimadza pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, ndipo munthu saganizako za shampu. Amene amagwira ntchito m'masaluni, amene manja ao amakhala m'shampu tsiku lonse, ndiwo ayenera kusamala koposa.

M'chaka cha 2004 bungwe la madokotala a khungu ku America, la American Contact Dermatitis Society, lidasankha mankhwalawa kuti ndiwo oyenera kuwachenjerera m'chaka chimenecho pa nkhani ya ziwengo. Kafukufuku adaonetsa kuti nthawi zambiri cholakwa si mankhwala enieniwo ayi, koma zotsalira ziwiri za ku fakitale, zotchedwa amidoamine ndi DMAPA, zimene zimatsalamo ngati opanga sadayenge bwino.

Phunziro lake ndi lalikulu. Mabotolo awiri angathe kukhala ndi dzina lomwelo kumbuyo, koma lina nkukhala loyengedwa bwino, lina ayi. Ife ogula sitingathe kusiyanitsa ndi maso kapena ndi mphuno. Apa ndi pamene pafunikira malamulo ndi mabungwe oyeza katundu, monga tione kutsogoloku.

6. Zimene sopo wofatsa sangachite

Sopo wofatsa sachiza matenda. Mphere zimayamba ndi kachilombo kamene kamakumba pakhungu, ndipo zimafuna mankhwala a ku chipatala, banja lonse nthawi imodzi. Zipere za m'mutu mwa ana zimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo. Mwana akakhala ndi zilonda zotuluka mafinya, kapena tsitsi likuthothoka, pitani naye ku chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi kapena ku chipatala cha boma cha Salima. Musataye ndalama posinthasintha sopo.

Satetezanso ku likodzo. Ife a m'mbali mwa nyanja, ku Senga Bay, Lifuwu, Maganga, Chipoka ndi Ngodzi, timasamba ndi kuchapa m'nyanja chifukwa ndi pafupi ndipo sopo amachita thovu bwino. Koma tizilombo ta likodzo, timene timatuluka mu nkhono za m'madzi odikha ndi m'mabango, timaboola khungu pa mphindi zochepa chabe. Thovu la shampu silitiletsa.

Chinanso, mau akuti "wofatsa" pa paketi sayeretsa zonse zimene zili mkatimo. Sopo ndi mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mercury kapena hydroquinone. Mercury amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Maiko adagwirizana m'chaka cha 2013, m'pangano la Minamata, kuti mercury achotsedwe m'zodzola.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: tisaganize kuti sopo wamtanda wotsika mtengo ndi wachabe. Mliri wa kolera umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023 udagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo Salima idali m'gulu la maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Posamba m'manja pochokera ku chimbudzi, tikasintha mwana thewera, tisanakonze chakudya ndi tisanadye, sopo wamba ndi wokwanira ndithu. Kachidutswa ka sopo pa mpondagiya nkofunika kuposa botolo lokongola lobisidwa m'sutikesi. Msodzi amene manja ake adzola mafuta a injini, ndi mai amene watumbula nsomba tsiku lonse, afunika sopo wamphamvu. Sopo wofatsa ndi wa khanda, wa kumaso, wa tsitsi, ndi wa munthu amene khungu lake limauma kapena kuyabwa.

7. M'mene tingawerengere botolo

Akulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kutsogolo kwa botolo kuli malonda. Zoona zili kumbuyo. Tembenuzani botolo ndipo yang'anani izi:

(a) Mndandanda wa zosakaniza. Umayamba ndi mau akuti Ingredients. M'maiko ambiri lamulo limati chochuluka chilembedwe koyamba, chochepa kumapeto. Kawirikawiri dzina loyamba limakhala Aqua, ndiye kuti madzi. Dzina lachiwiri ndi lachitatu ndiwo amakuuzani ukali wa shampuyo. Mukaona Cocamidopropyl Betaine kapena abale ake aja pafupi ndi poyambira, dziwani kuti opanga adayesetsa kumufatsitsa. Akakhala kumapeto kwenikweni, ndiye kuti adangodonthezamo.

(b) Mau akuti Parfum kapena Fragrance. Ameneyu ndi mankhwala onunkhiritsa, ndipo ndi amene amayambitsa ziwengo kawirikawiri kuposa chotsukiracho. Khanda silifuna fungo.

(c) Dzina la kampani yopanga ndi kumene ili. Botolo lopanda dzina la mwini wake lili ngati kalata yopanda siginecha.

(d) Tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu la katunduyo.

(e) Chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, ngati katunduyo ndi wopangidwa m'dziko muno.

Chenjerani ndi shampu kapena sopo wamadzi wothiridwa m'botolo la madzi akumwa, lopanda cholembedwa chilichonse. Simungadziwe chimene chilimo, ndipo mwana wamng'ono angathe kumwa poyesa chakumwa. Amene satha kuwerenga Chingerezi apemphe mwana wa sukulu kapena mnzao wa mu mphakati awawerengere asanapereke ndalama. Safunsa adadya phula.

8. Ufulu wathu ngati ogula

Ambiri timaganiza kuti tikagula chinthu choipa ndi tsoka lathu basi. Sizili choncho. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza ogula, la Consumer Protection Act, m'chaka cha 2003. Mwa zina, lamuloli limapatsa wogula ufulu wotetezedwa pa umoyo wake, ufulu wouzidwa zoona ndi zokwanira za katundu amene akugula pamodzi ndi kuopsa kwake, ndi ufulu wolandira chipepeso ngati katunduyo wamuvulaza.

Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndilo limaika miyeso ya katundu ndi kumuyeza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa kapena kugulitsidwa katundu wotha mphamvu. Liliponso bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi limene limayankhulira ogula. Chaka chilichonse pa 15 Malichi dziko lonse lapansi limakumbukira ufulu wa ogula.

Koma ufulu umayenda ndi udindo. Mabungwewa sangakhale pa okala iliyonse ya pa Kamuzu Road kapena pa msika wa Chipoka. Maso ao ndife. Pemphani lisiti pamene mungathe. Chinthu chikakuvulazani, musataye botolo. Lisungeni, kalionetseni ku chipatala, ndipo kauzeni wogulitsa mwaulemu. Akakana kumva, kanenani kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena ku ofesi ya khonsolo ya boma. Dandaulo la gulu limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

Udindo womwewo uli pa magulu athu a amai ndi achinyamata amene amapanga sopo ndi shampu kuti apeze ndalama. Ntchito imeneyi njabwino. Koma yezani zosakaniza pa sikelo, osati ndi maso. Sopo wa kositiki soda wosaphika pa moto mumusiye aume milungu inayi kapena isanu ndi umodzi musanagulitse. Lembani pa katundu wanu dzina la gulu, tsiku lopangira ndi zimene mwaikamo. Amene akugula ndi mbale wanu.

9. Zoyenera kuchita pakhomo

(a) Sopo wa ufa ndi wotsukira mbale asakhudze thupi kapena mutu wa mwana.

(b) Khanda lobadwa kumene lisasambitsidwe mpaka patapita maola 24, monga limalangizira bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Masiku oyambirira madzi ofunda okha ndi okwanira.

(c) Pakani sopo kapena shampu pang'ono, ndipo tsukuluzani kwambiri. Zotsalira pakhungu ndizo zimayabwitsa.

(d) Ngati madzi a pa mjigo wanu amakana sopo, kingani madzi a mvula m'dzinja m'ndowa yovundikira kuti muzisambitsira khanda ndi kutsukira tsitsi.

(e) Ngati khungu lanu silichedwa kutuluka ziwengo, yesani chinthu chatsopano mkati mwa mkono pamalo pang'ono, mutsuke, ndipo muchite chomwecho kwa masiku angapo musanapake thupi lonse.

(f) Mukamaliza kusamba dzolani mafuta opanda fungo khungu lisanaumiretu.

(g) Tungani madzi mukasambire ndi kuchapira kumtunda. Mapaketi ndi mabotolo otha asatayidwe m'nyanja, pakuti ndi momwe timamwa ndi kupha nsomba.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi pakhomo pathu ana timawasambitsa ndi chiyani? Chifukwa chiyani tidasankha chimenecho?

2. Aliyense abweretse paketi ya sopo kapena botolo la shampu. Tiwerengere limodzi. Ndi angati amene ali ndi mndandanda wa zosakaniza, dzina la wopanga ndi tsiku lothera mphamvu?

3. Ndi mabanja angati mu mphakati wathu amene ali ndi mpondagiya wokhala ndi sopo pafupi ndi chimbudzi? Okalamba ndi odwala amene sangathe kugula sopo tingawathandize bwanji?

4. Tikapeza katundu wotha mphamvu kapena wopanda cholembedwa pa msika wathu, tidzapita kwa yani, ndipo adzatiperekeza ndani?